Kukoka Aliyense Amakoka, Nkhani Ili pa Kuima

Ana anga, inu amene mwayamba kumene kudyera pikapu ya dizilo, khalani pansi ndikutsineni khutu. Zomwe mukuchita masiku ano ndikuziona. Munthu wagula Hilux ya D-4D yoti yadutsa kale m'manja mwa anthu angapo, sabata isanathe wapita nayo kwa mnyamata wa laputopu kuti akaiwonjezere mphamvu. Ikutuluka kumeneko ikufuka utsi wakuda bii, iye mano onse pamtunda. Kukacha wamangirira ngolo kumbuyo, wapakira chimanga, ulendo wayambika. Inu mumati mwaikonza galimoto. Ine ndikuti mwatenga ngongole, ndipo mwini ngongoleyo adzakupezani pamsewu, pamalo popanda nyumba.

Kukoka si nkhani. Injini yotopa nayonso imakoka, bola muipatse giya yoyenera ndi nthawi. Nkhani ili pa kuima. Nkhani ili pa kutentha. Zinthu ziwiri zimenezi laputopu siizidziwa.

Mvetsani chimene mnyamata uja amachita. Amauza kompyuta ya galimoto kuti izithira dizilo wambiri ndiponso kuti tebo izikankha mpweya wochuluka. Mphamvu imabweradi, sindikukana. Koma walira mvula walira matope. Dizilo wambiri ndi moto wambiri, ndipo motowo umayakira pamutu pa mapisitoni. Mapisitoni amenewo ndi a aluminiyamu, chitsulo chosungunuka pa madigiri 660. Utsi wotuluka mu injini yolemedwa pachitunda chachitali umatha kupitirira madigiri 700. Chimene chimapulumutsa pisitoni ndi oyilo amene amaiwaza kunsi kwake, komanso mpata wopuma mukachotsa phazi. Mukamayenda opanda katundu mumaponda moto pang'ono n'kusiya, injini n'kupuma. Mukamakoka ngolo pachitunda, phazi limakhala pansi mpaka pamwamba. Mpata wopuma palibe.

Ndipo musadalire kasingano ka padashibodi. Kamene kaja kamayeza madzi, osati moto wa m'masilinda. Kakamadzasuntha, zamkati zimakhala zitapsa kale.

Izi ndinazilipira ndekha. Ndinali ndi Hilux ya injini ya 1KD, ya malita atatu, yoti inkandidyetsa ine ndi banja langa. Nditaiwonjezera mphamvu ndinkadzimva kuti ndine dolo. Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa la ku Chikwawa likuswa mtengo, ndinkakwera chitunda chochokera ku Thabwa kupita ku Blantyre ndi ngolo yodzaza. Ndinaumirira giya yapamwamba chifukwa galimoto inkaoneka kuti ikutha. Ndinangomva kugogoda, kenaka utsi woyera kumbuyo, mphamvu zii. Pisitoni inali itang'ambika. Ine amene ndinkakoka anzanga ndinakokedwa, anyamata a makala akundiyang'ana. Galimoto inakhala pamiyala nyengo yonse yogulitsa mbewu. Makasitomala anga anapita kwa ena ndipo ambiri sanabwerere. Ngolo ndinagulitsa kuti ndigule zipangizo. Mwana wanga wamkulu anakhala pakhomo teremu yathunthu chifukwa cha fizi. Mkazi wanga sanandikalipire. Ankangondiyang'ana, ndipo ndikanakonda akanandikalipira.

Choncho mukapeza kandalama koti muwonjezere china pagalimoto, yambani ndi chimene chimaimitsa. Kenaka chimene chimaziziritsa. Mphamvu ibwere kumapeto, ngati ingabwere n'komwe.

Ngolo yopanda mabuleki akeake malire ake ndi makilogalamu 750. Amenewo ndi matumba 15 a chimanga, koma musanawerenge matumba chotsanipo kaye kulemera kwa ngoloyo. Mudzapeza kuti otsala ndi ochepa. Kupitirira apo pamafunika ngolo ya mabuleki, ndipo muonenso ngati laisensi yanu ikukulolani, poti ya B ndi ya EB si chimodzimodzi. Ma Ranger ndi ma Hilux ena atsopano amaloledwa kukoka mpaka makilogalamu 3,500, koma musatengere za mnzanu. Akale ambiri malire awo ndi otsika. Werengani buku la galimoto yanu ndi kachitsulo kamene kamakhomedwa pa tobala. Safunsa anadya phula.

Tsopano za mtsetse. Amene munatsikapo pa Chiweta kapena pa Khwekhwerere kulowera ku Golomoti mukudziwa kuti makona ake sapereka mpata wolapa. Giya imene mukadakwerera chitundacho ndi imene mutsikire. Ilowetseni muli pamwamba, liwiro lisanakule. Injini igwire katundu, buleki ingothandizira: pondani mwamphamvu pang'ono, siyani, izizire, pondaninso. Mukaligoneka phazi pa buleki kuchokera pamwamba, mudzamva fungo lopsa, kenaka pedulo idzalowa mpaka pansi popanda chogwira. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyontho chaka ndi chaka. A DOT 4 akakhala atsopano sawira asanafike madigiri 230, koma akamwa madzi amatha kuwira cha m'ma 155. Asintheni pakatha zaka ziwiri zilizonse. Ndi otchipa kuposa bokosi la maliro.

Ndipo chonde, chonde, lekani khalidwe lochotsa giya pamtsetse ati kupulumutsa mafuta. Lekani. Injini za makono mukachotsa phazi giya ili m'kati, kompyuta imadula dizilo yokha. Mukachotsa giya ndi pamene imamwa kuti isazime. Ndiye kuti moyo mwauika pachiswe, mafutanso mwataya.

Kapakiridwe nako n'kofunika. Katundu wolemera akhale pansi, kutsogolo pang'ono kwa matayala a ngolo, kuti gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera konse litsamire pa mpira wa tobala. Mukalemeza kumbuyo, ngolo imayamba kugwedeza mchira mukangofika pa liwiro, ndipo imagwedeza galimoto yonse. Zikakuchitikirani musaponde moto, anzanu akunamizani. Musadinde buleki. Chotsani phazi pang'onopang'ono, chiwongolero chikhale chowongoka, liwiro litsike lokha. Mukaima, tsikani mukasunthe katunduyo, ngakhale mvula ikugwa.

Tobala ndi ya mabawuti, si yowotcherera. Ndikudziwa kuti wowotcherera wa pamsika amatchipa ndipo ntchito yake imaoneka yolimba, koma moto wake umafooketsa chesisi, ndipo mng'alu umayambira pomwe pamathera msoko. Gwiritsani mabowo amene anaboola ku fakitale, ndi mabawuti olembedwa 8.8 kapena kuposa apo pamutu pake. Matcheni achitetezo muziwapingasa kunsi kwa mkono wa ngolo kuti ikamasuka igwere pamenepo, isalase msewu. Chinanso, mpira wa tobala si wozulira galimoto yotitimira m'matope. Mukakolekapo chingwe n'kunjanja, mpirawo umathyoka n'kuuluka ngati chipolopolo, ndipo anthu afa nawo. Pokoleka chingwe pali malo ake pa chesisi. Oonerera achoke patali.

Ena mwa inu mumawonjezera masipuling'i kumbuyo n'kumati tsopano yasanduka lole. Sipuling'i imangobisa kulemera, siikuchotsa. Galimoto ikaleka kukhala pansi, inu mumayesa yasangalala, pomwe mabering'i, ekiselo, matayala ndi mabuleki ndi omwe aja. Ma dabulo kebu ambiri apindika chesisi kuseri kwa kebu chifukwa cha katundu wolendewera kumbuyo kuphatikiza ngolo, pamsewu wa mabampu. Ikapindika yapindika. Mtengo wake wathera pomwepo.

Matayala akuluakulu amakongoletsa, nanenso ndimawasirira. Koma tayala lalikulu limalemeretsa giya iliyonse, limatopetsa kilatchi, limanamiza sipidomita ndipo limatalikitsa mtunda woimira. Wokoka katundu ayang'ane nambala ya kulemera kumene tayala lingasenze, ndi manambala anayi a pambali onena sabata ndi chaka chomwe linapangidwa. Matayala a kaunjika ena amaoneka mapanga ali bwinobwino pomwe mphira inauma kalekale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. A ngolo ndiye mumawaiwaliratu, amakhala padzuwa miyezi, tsiku la ulendo mungowapopa. Gwirani ma habu a ngolo ndi dzanja mukaima panjira. Yotentha kuposa inzake ikukuuzani kuti bering'i yauma.

Pa giyabokosi ya magiya asanu, kokerani pa folo katundu akalemera. Folo imadutsitsa mphamvu molunjika, pomwe faifi ndi giya yaing'ono yopangidwira kuyenda mopepuka. Injini ikamalira motsika kwambiri inu phazi lili pansi, ndi pamene kutentha kumakwera. Tsitsani giya, iloleni izungulire momasuka. Phokoso la injini yozungulira bwino lisakuopseni. Choopsa ndi kubuula.

Za kuziziritsa ndinene mosabisa: musalole munthu akuchotsereni themositati. Mwambo umenewu wafala m'magalaja mwathu, ati kuno n'kotentha. Galimoto ikamawira, vuto limakhala pena: ladiyeta yotsekeka ndi njere za udzu ndi tizilombo, chivundikiro chotopa, kapena fani imene kilatchi yake yasiya kugwira. Pezani vutolo. Madzi a pamjigo amasiya miyala ndi dzimbiri m'kati, thirani kulanti woyenera. Ndiponso musanadzaze kutsogolo ndi zitsulo ndi magetsi anayi, dzifunseni kuti mphepo ilowera pati.

Tikambe za dizilo. Ma injini akale monga 5L kapena 1HZ ya Land Cruiser ankapirira zambiri. Awa a common rail sapirira. Dizilo amatha kupanikizidwa kupitirira mabaa 1,500 asanalowe m'silinda, ndipo timabowo ta manozo ndi tating'ono kwambiri. Dontho la madzi kapena kafumbi kamawononga pampu ndi manozo onse. Mafuta akasowa ndikudziwa mayesero amene amabwera: kasitomala akuimba foni, pa filing'i siteshoni mzere wafika kutali, ndipo pali mnyamata wa zigubu pansi pa mtengo. Simudziwa chimene chinali m'chigubucho dzulo. Simudziwa ngati sanasakanize ndi palafini, amene alibe mafuta otelezetsa pampu. Ndalama ya ulendo umodzi siingagule ngakhale nozo imodzi. Ngati mukufuna chowonjezera chanzeru, ikani fyuluta yachiwiri yolekanitsa madzi, yokhala ndi kambale koonekera, ndipo muzikayang'ana m'mawa uliwonse. Kagetsi ka madzi kakayaka padashibodi, imani mukhetse. Musati ndikafika.

Eni ma 1KD, tcherani khutu apa. Pansi pa nozo iliyonse pali kawashala. Kakayamba kudontha, mwaye umalowa mu oyilo, n'kuundana, n'kutseka sefa ya pampu ya oyilo m'kati mwa sampu. Injini imafa ndi ludzu oyilo ali wodzaza. Tsiku losintha oyilo, akakhetsa, tengani tochi musuzumire pabowo la sampu. Mukaona sefayo yamatidwa ndi zinyenyeswa zakuda, musailizenso. Mawashala amenewo ndi otchipa, ndipo nozo ikazulidwa sabwezerapo akale.

Oyilo wa galimoto yokoka, yoyenda m'fumbi, asapitirire makilomita 5,000. Fyuluta gulani pamalo podziwika, poti zachinyengo zachuluka ndipo bokosi lake limakongola kuposa lenileni. Fyuluta ya mpweya musamaimenyetse pa tayala, mumaing'amba osadziwa, fumbi n'kumakapala tebo ndi masilinda. Mukafika pamwamba pa chitunda kapena kumapeto kwa ulendo, musazimitse nthawi yomweyo. Tebo imazungulira kupitirira ka 100,000 pa mphindi, ndipo imakhala yofiira. Mukazima, oyilo amaima n'kupserera m'kati mwake. Ipatseni mphindi ziwiri ikulira payokha. Mphindi ziwiri zokha. Masulani lamba, lembani makilomita m'kope, ndiye muzime.

Inu a bulekidauni, muli ndi udindo wina, poti mumakoka chuma cha eni. Galimoto ya otomatiki kapena ya folo bai folo simangoikoka matayala oyendetsa ali pansi injini itazima. Giyabokosi imazungulira popanda oyilo woyenda, ndipo mudzafikitsa galimoto yofuna batire yokha itasanduka yofuna giyabokosi. Masulani propshaft kapena ikwezeni yonse. Mukamakoka ndi chingwe, kumbukirani kuti mnzanu wakumbuyoyo buleki yake yauma ndipo chiwongolero chalemera, chifukwa injini yake siikulira. Yendani liwiro lake, osati lanu. Pamtsetse gwiritsani chitsulo, osati chingwe.

Sindikuti mphamvu ndi tchimo. Ndinu achinyamata, magazi akuthamanga, ndipo ena mwa inu muwonjezerabe ngakhale ndalankhula. Chabwino. Koma pitani kwa makaniko ayeze kaye manozo ndi kompuresheni, chifukwa injini yodwala siiwonjezeredwa katundu. Kilatchi ikhale yatsopano, apo ayi iyamba kuterera mwezi womwewo. Ikani geji yoyeza kutentha kwa utsi, kachitsulo kake kalowe pa manifodi utsi usanafike ku tebo, ndipo ikamayandikira 700 muzichotsa phazi n'kutsitsa giya, ngakhale wina akuimba hutala kumbuyo. Uzani wa laputopuyo kuti galimotoyi ndi yokoka katundu, si ya mpikisano, awonjezere pang'ono. Akakuonetsani utsi wakuda ngati umboni wa ntchito yake, dziwani kuti ameneyo ndi dizilo wanu wosapsa, mukaneni. Ndipo asanakhudze chilichonse, akukopereni pulogalamu yoyambirira ya galimotoyo pa fulashi, muisunge kunyumba pamodzi ndi bulubuku. Akakana kukupatsani, tengani makiyi anu muzipita.