Negetivu ndi Nthaka: Phunziro kwa Alangizi pa Mipanda ya Magetsi

Alangizi ambiri masiku ano akusamalira mabatire a sola ndi mipanda ya magetsi yoteteza minda ku njovu ndi nguluwe, makamaka m'midzi yoyandikana ndi nkhalango za Kasungu ndi Lukusuzi. Vuto lofala ndi lakuti mawu akuti negetivu ndi earth amatengedwa ngati chinthu chimodzi, pamene sali choncho.

Magetsi sayenda pokhapokha atapeza njira yobwerera kumene achokera. Batire ya mavoti 12 ili ndi mitu iwiri, pozitivu ndi negetivu, ndipo tochi kapena wailesi imagwira ntchito popanda kukhudza dothi. Pa thirakitala, negetivu imamangidwa ku chitsulo cha thupi lake, chimene chimakhala njira yobwerera. Amakaniko amachitcha earth ngakhale chili pa matayala. Komatu mathirakitala ena akale, monga Ferguson TE20, anali omangidwa pozitivu ku thupi. Wolumikiza batire mongoganizira angaononge zipangizo.

Pa mpanda wa magetsi ndi pamene nthaka yeniyeni imakhala mbali ya njirayo. Mphamvu imachoka m'makina, kuyenda m'waya, kudutsa m'thupi la nyama imene yakhudza wayayo, kulowa m'dothi, kenaka kubwerera ku makina kudzera m'zitsulo zokhomedwa pansi. Chimene chimanyamula magetsi m'dothi ndi chinyezi pamodzi ndi mchere wosungunuka m'menemo. Chitsanzo chabwino ndi Greyville, dera lotsika la mzinda wa Durban ku South Africa, limene kale linali dambo ndipo limalandira mvula pafupifupi mamilimita 1,000 pa chaka. M'dothi lonyowa ngati limenelo chitsulo chokhomedwa pansi chimagwira ntchito mosavuta. Makina omwewo ataikidwa m'dothi la mchenga ku Kasungu mwezi wa Okutobala, mpanda umafooka ngakhale batire ili yodzaza, ndipo nyama imadutsa osamva kanthu. Kawirikawiri batire ndiyo imanamiziridwa.

Mlangizi ayenera kukhoma zitsulo zosachita dzimbiri zosachepera 3, chilichonse chotalika mamita 2, motalikirana mamita 3, pamalo osunga chinyezi monga m'mphepete mwa dimba, ndiponso mamita 10 kutali ndi chitsulo cha earth cha nyumba. Kumene dothi limauma kotheratu, ndi bwino kusinthanitsa mawaya pa mpanda: wina wamoto, wotsatira wolumikizidwa ku earth. Nyama ikakhudza onse awiri, njira imakwanira popanda kudalira dothi.

Magetsi a m'nyumba a mavoti 230 ndi nkhani ina. Waya wobiriwira ndi wachikasu ndi woteteza moyo wa munthu, ndipo suyenera kusinthanitsidwa ndi wabuluu. Ntchito imeneyo isiyidwe kwa katswiri wovomerezeka.