PHUNZIRO: ZA KUOMBOLA NYUMBA YOLANDIDWA CIFUKWA CA NGONGOLE

Mwezi uno tiphunzire mau akuti kuombola. Ambiri tiwamva m'calici mokha, koma paciyambi anali mau a milandu ya minda ndi nyumba. Ndipo mwambo wace ulipo kufikira lero m'malamulo a ku America.

1. Nthawi ya kuombola.

M'dziko limenelo munthu wofuna nyumba abwereka ndalama ku banki, naika nyumba yomweyo cikole. Akalephera kubweza, nyumba igulitsidwa poyera kwa iye wochula mtengo woposa anzace. Koma m'zigawo zina mlandu suthera pomwepo. Ku Michigan ndi ku Minnesota mwini wakale apatsidwa kawirikawiri miyezi 6. Akapereka mtengo umene wogula analipira, pamodzi ndi ciongola dzanja ndi zina zimene wogulayo anataya, monga msonkho, nyumba ibwerera kwa iye. Cilamulo ca Mose cinateronso. Pa Levitiko 25 tiwerenga kuti wogulitsa nyumba ya m'mudzi wa linga anakhoza kuiombola caka cisanathe. Cikatha caka, inali ya wogula cikhalire.

2. Mphamvu ya kuombola ipita kwa wina.

Munthu amene anasowa ndalama zobwezera ngongole adzapeza kuti zoombolera? Pamenepo afika wamalonda, nampatsa ndalama, kuti amlembere kalata yomsiyira mphamvu ya kuombola. Wamalondayo alipira wogula uja, nyumba nikhala yace. Kusiyirana kotere si kwatsopano. Pa Rute 4 mbale wapafupi wa Elimeleki anasiyira Boazi mphamvu yace pacipata ca Betelehemu, pamaso pa akuru 10, navula nsapato ikhale umboni.

3. Misampha iwiri.

Woyamba ugwira mwini wakale. Tiyerekeze nyumba yoyenera madola 200,000 inagulidwa poyera ndi madola 120,000. Pakati patsala madola ngati 80,000, ndipo amenewa ali m'manja mwa iye amene ali nayo mphamvu ya kuombola. Mwini wakale akadziwa ici, akhoza kufuna yekha munthu wogula pa mtengo woyenera masiku asanathe, naombola, nasunga zotsalazo. Koma akayesa kuti zonse zatayika kale, adzalandira madola 2,000 ndi kuthokoza, osadziwa kuti wasinthanitsa ng'ombe ndi nkhuku.

Waciwiri ugwira woombola. Nyumba ikaomboledwa, ngongole zina zimene zinamangidwa pa iyo zikhoza kuuka ndi kumtsata. Cifukwa cace ayenera kusanthula mabuku a boma asanapereke kanthu, ndi kuwerenga bwino masiku, pakuti nthawi ikapitirira, kalata yace ikhala pepala cabe. Mbale uja wa Elimeleki anabvomera munda msanga. Koma pakumva kuti ayenera kukwatiranso Rute ndi kuukitsa dzina la womwalira, anabwerera m'mbuyo.

4. Cimene tiphunzirapo.

M'mutu womwewo wa Levitiko Mulungu analetsa kusautsana pa malonda a minda, nalamula kuti mtengo uwerengedwe molungama monga mwa zaka za zokolola. Lamulo la kuombola linaikidwa kuti wosauka apezeko mpata wa kupuma. Kugula mphamvu yace si cimo. Koma kuigula mombisira mtengo wace weniweni ndiko kusandutsa cifundo cikhale khoka. Wogula anene poyera phindu limene aliona. Wogulitsa asalembe dzina lace asanafunse wodziwa malamulo, ndipo pakhale mboni, monga Boazi anacitira pacipata.

Mafunso a pa msonkhano:

(a) Mwini wakale apereka ciani kuti aombole nyumba yace?

(b) Mbale wa Elimeleki anakaniranji kuombola?

(c) Mnzako akafuna kukugulitsa cinthu osadziwa mtengo wace, udzamuuza, kapena udzakhala cete?