Mphunzitsi ndi Mwana Wochedwa Kukula

Mphunzitsi wa Sitandade 1 amakumana ndi ana ena a zaka 6 kapena 7 amene malankhulidwe ao ndi kagwiridwe kao ka choko nzofanana ndi za mwana wa zaka 3. Kaŵirikaŵiri mwana wotere timamkhazika kumbuyo ndi kumutcha waulesi, ndipo akabwereza kalasi kaŵiri amangoleka sukulu. Tisanamuweruze, tiyenera kufunsa kuti chamchedwetsa nchiyani.

Ana amakula motsata ndondomeko imodzi, ngakhale kuti liŵiro lao limasiyana. Ambiri amakhala pansi okha pofika miyezi 9, amayenda asanapitirire miyezi 18, ndipo pofika zaka 2 amalumikiza mau aŵiri, monga "amama madzi". Mwana akatsalira kwambiri pa zimenezi, timati wachedwa kukula. M'chaka cha 2010 Dr. Melissa Gladstone ndi anzake adafalitsa muyeso wotchedwa Malawi Developmental Assessment Tool, umene umayang'ana mbali zinayi: kayendedwe ka thupi lonse, luso la zala, chilankhulo, ndiponso kakhalidwe ka mwana pakati pa anzake. Mphunzitsi angathe kupenyetsetsa mbali zomwezi pa nthaŵi ya maseŵero, namalemba zimene waona m'kope lake kwa milungu ingapo.

Zochedwetsa mwana nzambiri. Akabanika pobadwa, kapena akadwala malungo a mu ubongo ngakhalenso matenda oumitsa khosi, ubongo wake ungathe kuvulala. Kupereŵera kwa zakudya nakonso kumabweza mwana m'mbuyo: kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malaŵi anali opinimbira. Komanso khutu lotuluka mafinya limachititsa mwana kusamva bwino, ndipo mwana wosamva bwino amachedwa kulankhula ngakhale nzeru zake zili zangwiro. Motero mphunzitsi aime kumbuyo kwa mwanayo namuitana ndi mau apansipansi. Akapanda kucheuka kangapo, makolo apemphedwe kupita naye kuchipatala. Pocheza ndi makolo tiŵafunse mwaulemu za kubadwa kwa mwanayo ndi matenda amene adadwala, osaŵaimba mlandu, pakuti ambiri ali kale ndi chisoni ndi manyazi.

Nanga m'kalasi tichitenji? Lev Vygotsky, katswiri wa ku Russia amene adamwalira m'chaka cha 1934, adaphunzitsa kuti mwana amapindula kwambiri ndi ntchito imene sangaithe yekha koma angaithe atathandizidwa pang'ono. Choncho mwana wolephera kulemba "a" asakakamizidwe kudzaza tsamba lonse. Ayambe ndi kuumba dongo ndi kutola nyemba ndi zala ziŵiri kuti zala zilimbe, kenaka ajambule mizere yozungulira pamchenga, ndipo choko chibwere pambuyo pake. Malangizo apatsidwe limodzilimodzi: "Tenga buku." Akatenga, pamenepo tinene kuti, "Tsekula." Akhale kutsogolo kumene angaone pakamwa pa mphunzitsi, pafupi ndi mnzake woleza mtima amene angabwereze naye zimene aphunzira. Ngakhale kalasi likhale la ana ochuluka, mphindi zochepa tsiku ndi tsiku nzotheka kuzipatula. Akachita bwino, ngakhale pa kanthu kakang'ono, ayamikiridwe pamaso pa anzake. Kumukalipira kumangomuwonjezera mantha, ndipo mwana wamantha amatseka pakamwa.

Ana ena, makamaka amene vuto lao linali la makutu kapena la zakudya, amaŵapeza anzao akathandizidwa msanga. Ena amafunika chithandizo kwa zaka zambiri, ndipo za iwo tiyenera kudziŵitsa mphunzitsi wamkulu kuti apemphe uphungu kwa aphunzitsi aluso lapadera, monga amene amaphunzitsidwa ku Montfort College ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Tisadikire kuti mwana alephere mayeso a kumapeto kwa chaka. Tiyambe kumpenyetsetsa m'chigawo choyamba chomwe.