Phunziro la Sayansi: Loboti Yosagonja Ikapeza Vuto

Taonani maloboti a pamsewu. Nyali imayaka yofiira, yachikasu kapena yobiriwira. Palibe za pakatikati. Akatswiri amatsata nzeru yomweyi popanga maloboti enieni, ndiye kuti makina odzigwirira okha ntchito. Amawaikira magawo owerengeka, monga kudikira, kuyenda, kugwira ntchito ndi kudziteteza. Pa nthawi imodzi makinawo amakhala m'gawo limodzi lokha, ndipo chowachotsa m'gawo lina kunka m'linzake chimalembedweratu.

Ubwino wake ngwotani? Magawo akakhala owerengeka, mmisiri amayesa lililonse makinawo asanatumizidwe, ndipo vuto likabuka amadziwa pofufuza.

Chitsanzo ndi Curiosity, loboti ya NASA imene inatera pa Mars mu 2012. Ili ndi makompyuta awiri. Mu February 2013 mbali yosunga zinthu ya kompyuta yoyamba inasokonezeka. Kumeneko kulibe munthu woti akaikonze. Akatswiri ali pansi pano anasamutsira ntchito ku kompyuta yachiwiri, ndipo lobotiyo inalowa m'gawo lodziteteza: inaleka kufufuza, n'kumangodikira malamulo. Patapita milungu ingapo inayambanso ntchito.

Funso: Mutapanga loboti yothirira dimba, mungaiikire magawo ati? Nanga madzi akatha ichite chiyani?