NAMONDWE AMAPHA KAŴIRI

Aŵerengi athu ambiri, makamaka a m'chigawo cha kummwera, sadzaiŵala mwezi wa Malichi chaka cha 2023. Namondwe wotchedwa Freddy anayambira kutali pa nyanja yamchere ya India, kufupi ndi dziko la Australia, kumayambiriro kwa Febuluwale. Anaoloka nyanja yonseyo, nakantha dziko la Madagascar, naloŵa m'dziko la Mozambique kaŵiri konse. Ulendo wachiŵiriwo anatulukira pafupi ndi mzinda wa Quelimane pa 11 Malichi, ndipo mvula yake inagwa kuno kwathu usana ndi usiku kwa masiku angapo osakata. Ku Chilobwe, mumzinda wa Blantyre, matope ndi miyala zinagumuka m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba. Ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu kunachitikanso chimodzimodzi, pamene ku Chikwawa ndi Nsanje mitsinje inasefukira m'midzi ndi m'minda. Anthu oposa 1,000 anamwalira, ndipo oposa 600,000 anasoŵa pokhala.

Koma mavuto sanathere pa tsiku limene mvula inakata. Namondweyo anapeza dziko lathu lili kale pa mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022, mliri umene unagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Tsono iye anagwetsa zimbudzi, nakwirira zitsime, naunjika anthu ambirimbiri m'masukulu ndi m'matchalitchi. N'chifukwa chake tikunena kuti namondwe amapha kaŵiri: koyamba ndi mphepo, madzi ndi matope, kachiŵiri ndi matenda amene amatsala m'mbuyo mwake. Mphepo sitingathe kuiletsa, koma imfa yachiŵiriyi banja lililonse lingathe kuitsekera khomo. Ndilo phunziro lathu la mwezi uno.

KODI NAMONDWE AMACHOKERA KUTI?

Namondwe amabadwira pa nyanja yamchere pamene madzi ake afunda kwambiri. Nthunzi imakwera, nipanga mitambo yaikulu imene imazungulira ngati kamvuluvulu, koma kukula kwake n'kwa makilomita mazanamazana. M'dera lathu lino nyengo yake imayamba mu Novembala kufikira mu Epulo. Akafika pamtunda mphepo yake imafooka, koma mvula imene wasenza imakhuthuka yonse. Chotero kuno ku Malaŵi chimene chimapha anthu ambiri ndi madzi ndi napolo, kuposa mphepo.

Napolo si wachilendo. Anagumuka m'phiri la Zomba mu 1946, ndiponso ku Phalombe mu 1991. Nthaka ya m'phiri ikamwa madzi ochuluka imalemera n'kutereka, makamaka pamene mitengo inatha. Akuluakulu anati madzi saiŵala khwaŵa: pamene anadutsa kale adzadutsaponso. Taona Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023. Nzeru n'kukhala okonzeka chaka ndi chaka.

NAMONDWE ASANAFIKE

A nthambi yoona zanyengo amachenjeza pa wailesi masiku angapo namondwe asanafike. Mukamva chenjezo, uzani anansi anu, ndipo chitani izi:

1. Gwirizanani pabanja za malo okwera kumene mudzathaŵire ndi njira imene mudzadzere. Ana omwe aidziŵe.
2. Mangani m'pepala la pulasitiki mabuku a kuchipatala a banja lonse, ziphaso, machesi ndi mankhwala. Amene amamwa ma ARV, mankhwala a chifuŵa chachikulu, a shuga, a khunyu kapena a kuthamanga kwa magazi aonetsetse kuti ali nawo okwanira.
3. Tungirani madzi abwino m'zigubu ndi kutseka zolimba. Sungani sopo, mankhwala othira m'madzi ndi mapaketi a Thanzi.
4. Kwezani ufa ndi chimanga pamwamba. Lambulani ngalande kuzungulira nyumba kuti madzi asanyambite khoma.
5. Amayi oyembekezera amene masiku awo ayandikira apite kukadikirira kuchipatala milatho isanaduke.

Akuluakulu a boma kapena amfumu akanena kuti samukani, samukani kukali koyera. Nkhalamba, olumala ndi ana aang'ono atsogole. Mbuzi ndi katundu zimapezekanso, moyo supezekanso.

NAMONDWE ALI MKATI

Khoma la zidina likamwa madzi limagwa mosachenjeza, ndipo anthu ambiri amapsinjika ali m'tulo. Mukaona khoma lanyowa mpaka pakati, kapena layamba ming'alu, musagonemo. Musaoloke madzi othamanga, pakuti ngakhale olekeza m'munsi mwa mawondo angathe kugwetsa munthu wamkulu, nanji mwana. Musakhale pansi pa mitengo ikuluikulu, ndipo musakhudze mawaya a magetsi amene agwa.

Inu okhala m'tsinde mwa phiri, tcherani khutu. Nthaka ikang'ambika, mitengo ikayamba kupendekeka, mtsinje ukasanduka matope mwadzidzidzi kapena ukaphwa mvula ili kugwa, kapena mukamva kugunda ngati kwa magalimoto ambiri, thaŵani nthaŵi yomweyo. Thaŵirani cham'mbali, kutali ndi khwaŵa. Musatsike ndi njira imene matopewo adzere.

POBWERERA KUNYUMBA

Bwererani masana, ndipo wamkulu ayambe waunika makoma ndi denga ana asanaloŵe. Valani nsapato, chifukwa m'matope mumabisala misomali, malata ndi magalasi. Njoka nazo zimathaŵira m'nyumba, m'nkhokwe ndi m'milu ya nkhuni. Gwedezani ndi ndodo musanapise dzanja. Kokolani matope onse, tsukani pansi ndi sopo kapena klorini, tsegulani mazenera, ndipo yanikani mphasa ndi zofunda padzuŵa mpaka ziumitsitse. Ngakhale kuzizire chotani, musagone ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka, pakuti mpweya wake ulibe fungo koma umapha anthu ali m'tulo.

MADZI AKUMWA

Apa ndi pamene pagona nkhani. Madzi osefukira amadzera m'zimbudzi, m'makola ndi m'maenje a zinyalala, natenga zonyansa zonsezo kukathira m'zitsime ndi m'mitsinje. Tizilombo ta kolera sitioneka ndi maso, ndipo madzi angathe kukhala oyera mbee koma ali ndi imfa m'kati. Motero namondwe akapita, madzi onse ayesedwe oipa kufikira atatetezedwa, ngakhale a pamjigo ngati chigumula chinafikapo.

Njira zake ndi izi. Ngati madzi ali a matope, asiyeni adikhe, kenaka asefeni ndi nsalu yoyera. Kusefa kokha sikupha tizilombo. Mukatero aŵiritseni mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena thiranimo WaterGuard kapena klorini amene alangizi a zaumoyo amagaŵa, motsata muyeso umene akuuzani. Mukathira mankhwala dikirani mphindi 30 musanamwe. Fungo la klorini lisakuopseni. Ndi chizindikiro chakuti mankhwala agwira ntchito.

Madzi otetezedwa angathe kuipanso m'nyumba momwemo. Asungeni m'chigubu chotseka kapena m'ndoŵa ya chivundikiro. Pakhale kapu imodzi yotungira ndi ina yomwera, ndipo zala zisamire m'madzi. Madzi omwewo ndi amene mutsukire mbale, zipatso ndi ndiwo zamasamba. Chitsime chimene chinamizidwa chiyenera kukapidwa ndi kuthiridwa klorini mothandizidwa ndi mlangizi wa zaumoyo anthu asanayambenso kutungapo.

CHIMBUDZI NDI MANJA

Mabanja ambiri amayamba ndi kufolera nyumba, chimbudzi n'kuchisiya cha mtsogolo. Uku n'kulakwa. Chimbudzi chikumbidwe msanga, ngakhale chongoyembekezera, pa mtunda wosachepera mamita 30 kuchokera pa chitsime ndiponso chakumunsi kwake. Dzenje la chimbudzi chakugwa likwiriridwe kuti ana asagweremo. Ngati chimbudzi palibe konse, kumbani kadzenje kutali ndi madzi ndipo kwirirani mukatha. Chimbudzi cha mwana wakhanda chili ndi tizilombo ngati cha wamkulu. Nachonso chitayidwe m'dzenje.

Sambani m'manja ndi sopo mukachoka kuchimbudzi, mukasintha mwana theŵera, musanakonze chakudya, musanadye ndiponso musanadyetse mwana. Sopo akasoŵa, phulusa lithandiza. Sambani mothirirana, osati mopisa nonse m'beseni limodzi.

WINA AKAYAMBA KUTSEGULA M'MIMBA

Kolera amadziŵika ndi chimbudzi cha madzi okhaokha, chooneka ngati madzi otsukira mpunga, kaŵirikaŵiri pamodzi ndi kusanza. Maso amaloŵa m'kati, miyendo imakokana, ndipo munthu angathe kufa m'maola oŵerengeka chifukwa cha kutha kwa madzi m'thupi. Mankhwala oyamba ndi kubwezera madziwo.

Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Ngati Thanzi palibe, thirani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi. Musaonjezere mchere. Mwana wosakwana zaka 2 amwe pafupifupi theka la kapu nthaŵi iliyonse akatsegula, wokulirapo kapu imodzi, wamkulu amwe mmene angathere. Akasanza, dikirani mphindi 10 ndipo yambaninso pang'onopang'ono ndi supuni. Thanzi wotsala akatha tsiku limodzi atayidwe n'kupanga wina.

Musadikire kuti kuche. Nyamukani naye wodwalayo kupita kuchipatala, akumwa Thanzi njira yonse. Mayi asaleke kuyamwitsa, pakuti mkaka wa m'maŵere ndi chakudya chokhacho chimene chigumula sichingaipitse, ndipo mwana wosakwana miyezi 6 safunikanso china. Kuchipatala ana amapatsidwanso mapiritsi a zinki. Amalize masiku onse amene adokotala anena. Munthu akamwalira ndi kolera, achibale asasambitse mtembo okha, koma aitane a zaumoyo kuti atsogolere mwambo wonse.

CHAKUDYA

N'zoŵaŵa kutaya chakudya pa nthaŵi ya njala, koma ufa ndi zakudya zina zimene zinamira m'madzi a chigumula n'zosayenera kudyedwa. Chimanga ndi mtedza zimene zangonyowa ndi mvula ziyanikidwe msanga pa mphasa kapena pa lona, osati pa dothi. Zikachita chuku zimakhala ndi poizoni amene amaononga chiŵindi ndi kupinimbiritsa ana, ndipo poizoniyu satha ndi kuphika. Sankhani maso onse oola n'kuŵakwirira. Musaphikire moŵa kapena kudyetsa ziŵeto. Nyama ya chiŵeto chofa chokha isadyedwe. Chakudya chidyedwe chikali chotentha, ndipo chotsala chivundikiridwe ndi kutenthetsedwanso kwambiri.

MALUNGO NDI MABALA

Pakapita masabata angapo, zithaphwi zimene namondwe wasiya zimaswa udzudzu wambiri, ndipo malungo amachuluka. Gonani m'masikito usiku uliwonse, ngakhale muli kumsasa, makamaka ana ndi amayi oyembekezera. Kwirirani zithaphwi za pakhomo. Aliyense amene watentha thupi akayezetse magazi tsiku lomwelo. Mwana amene akutsokomola ndi kupuma mofulumira kapena mobanika angakhale ndi chibayo, fulumirani naye.

Bala lililonse litsukidwe ndi sopo ndi madzi otetezedwa, n'kumangidwa ndi nsalu yoyera. Musapakepo dothi kapena ndowe. Bala lakuya, la msomali kapena la lata likaonedwe kuchipatala chifukwa cha kafumbata. Wolumidwa ndi njoka musam'teme mphini, musayamwe bala, musamange chingwe cholimba. Asagwedeze chiŵalocho, ndipo munyamuleni kupita kuchipatala. Amene mankhwala ake kapena buku lake zinakokoloka asachite manyazi; apite ku chipatala chilichonse chapafupi akafotokoze. Sikelo ya ana ndi katemera zipitirire monga mwa masiku onse.

BALA LA MUMTIMA

Pali bala lina losatuluka magazi. Munthu amene waona nyumba yake ikugwa, kapena amene sanaike m'manda m'bale wake chifukwa mtembo sunapezeke, angathe kusoŵa tulo, kulota zoopsa ndi kunjenjemera mitambo ikangoda. Mwana angayambenso kukodza pogona kapena kukakamira amake. Izi si misala, ndipo si ufiti. Musam'kalipire mwanayo, khalani naye pafupi, mumvereni, ndipo abwerere kusukulu ndi kumaseŵera msanga. Wamkulu asathaŵire ku moŵa, koma akambe ndi abale, a mpingo kapena a zaumoyo. Ngati chisoni chikukulirakulira, kapena munthu ayamba kunena zodzipha, pitani naye kuchipatala osazengereza.

Mutu umodzi susenza denga. Banja limodzi likasoŵa chimbudzi, chitsime cha mudzi wonse chili pa ngozi. Choncho pomanganso, thandizanani kuyambira kwa amasiye ndi nkhalamba, mangani pa malo okwera, ndipo bzalani mitengo m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje.

MAFUNSO OKAMBIRANA PODIKIRA SIKELO

1. Kodi banja lanu lingathaŵire kuti madzi atabwera usiku uno?
2. Tchulani njira ziŵiri zotetezera madzi akumwa.
3. Kodi Thanzi amasungunulidwa m'madzi ochuluka bwanji?
4. N'chifukwa chiyani chimbudzi chiyenera kukumbidwa msanga namondwe akapita?
5. Ndani m'mudzi mwanu amene sangathe kuthaŵa yekha, ndipo adzam'nyamula ndani?

Mukafika kunyumba, ŵerengerani nkhaniyi anzanu amene sanabwere kuchipatala lero.