Kunola ndi Kusamala Lumo Lopinda

Kodi muli nalo lumo lopinda pakhomo panu? Mwina munagula, mwina anakusiyirani ndi bambo anu. Litengeni muone pachitsulo, pafupi ndi chogwirira. Pali zilembo. Kale munkangoziona, koma lero mutha kuziwerenga nokha. Malumo ambiri akale analembedwa Sheffield, mzinda wa ku England, kapena Solingen, mzinda wa ku Germany. Amenewo ndi malo amene malumowo anapangidwa.

Lezala likabuntha timataya. Lumo lopinda timanola. Mukalisamala limakhala zaka zambirimbiri, ndipo ndalama za malezala mumagulira sopo ndi mchere. Koma lumo lobuntha ndi loopsa. Limazula ndevu m'malo mozidula. Munthu amayamba kukanikiza, ndiye pamenepo amadzicheka.

Mbali za lumo

Lumo lili ndi chogwirira, msana ndi mbali yakuthwa. Msana ndi wochindikala. Mbali yakuthwa ndi yopyapyala kuposa pepala. Ndevu ndi zolimba, ndipo pometa zimaipinda pang'ono mbali imeneyi, ngakhale maso sangaone.

Zida zosamalira lumo zilipo ziwiri: lamba wachikopa ndi mwala wonolera. Lamba amawongola ndi kusalaza mbali yakuthwa. Mwala umadya chitsulo. N'chifukwa chake lamba ndi wa tsiku lililonse lometa, pamene mwala ndi wa kawiri kapena katatu pachaka basi.

Pa lamba, msana patsogolo

Pezani lamba wachikopa wosalala, wopanda misoko kapena mabowo. Mupukuteni fumbi ndi dzanja.

1. Kolekani lamba pamsomali wolimba, ndipo mumukoke awongoke. Lamba wolendewera amabunthitsa lumo.

2. Gonekani lumo. Msana ndi mbali yakuthwa zonse zikhudze chikopa.

3. Yendetsani lumo msana uli patsogolo, mbali yakuthwa ikutsatira pambuyo.

4. Mukafika kumapeto, tembenuzani lumo msana uli chikhudzire chikopa. Musatembenuzire kumbali yakuthwa. Mukatero mudula lamba, lumonso libuntha.

5. Bwererani momwemo. Kupita ndi kubwera ndi ulendo umodzi. Werengani maulendo 30 mpaka 50.

Musakanikize. Kulemera kwa lumo lenilenilo n'kokwanira. Musafulumirenso ayi. Paja akulu amati kuthamanga sikufika.

Pa mwala, mbali yakuthwa patsogolo

Tsiku lina mudzaona kuti lumo likukoka ndevu ngakhale mwalipititsa pa lamba. Pamenepo nthawi ya mwala yakwana.

Si mwala uliwonse ayi. Mwala wonolera chikwanje kapena nkhwangwa ndi wokhakhala, ungawononge lumo nthawi yomweyo. Tupa ndiye musayese n'komwe. Miyala yogula imalembedwa manambala. Nambala ikakula, mwala ndi wosalala kwambiri. Mwala wa 1000 ndi wokonzera lumo lobenthuka kapena lobunthiratu. Wa 4000 ndi wa 8000 ndiyo yomalizira. Ngati mulibe mwala wosalala chotere, pitani nalo lumo kwa wometa wodziwa ntchitoyi.

1. Ikani mwala pamalo athyathyathya. Uthireni madzi. Ngati ndi mwala wa mafuta, dontheretsanipo mafuta pang'ono.

2. Gonekani lumo, msana ukhudze mwala nthawi zonse. Ponola mpeni timadzutsa msana, koma lumo ayi. Amisiri anaupanga msana wochindikala dala, kuti lumo likagona lipendekeke lokha pamlingo woyenera.

3. Kankhani lumo mbali yakuthwa ili patsogolo, ngati mukufuna kusenda mwalawo. Liyende mopingasa pang'ono kuti lonse likhudze mwala, kuyambira kutsinde mpaka kunsonga.

4. Tembenuzirani pamsana, mubwerere. Mbali zonse ziwiri zilandire maulendo ofanana.

5. Tsukani lumo, pukutani, ndipo mumalize pa lamba.

Poyesa, metani pang'ono ubweya wa pamkono wanu. Ukamagwa osakoka khungu, lumo lathwa. Musayese ndi chala. Musadulirenso pepala, ulusi kapena zikhadabo.

Mukatha kumeta

Mdani wamkulu wa lumo ndi dzimbiri. Malumo ambiri amagwira dzimbiri msanga akagona ali onyowa, makamaka nthawi ya dzinja. Tsukani thovu lonse. Samalani kuti lumo lisagunde beseni kapena mpopi, chifukwa limabenthuka. Pukutani ndi nsalu youma kuchokera kumsana, ndipo muumitsenso m'kati mwa chogwirira musanapinde. Pakani kadontho ka mafuta a makina osokera. Sungani pamalo ouma, pamene ana sangafikire.

Lumo sabwerekana

Pometa munthu amatha kudzicheka pang'ono osazindikira, magazi n'kutsalira pa lumo. Matenda ena amayenda m'magazi, monga HIV ndi matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B. Kachilombo ka hepatitis B kamatha kukhala ndi moyo kunja kwa thupi kwa masiku 7 kapena kuposerapo. Lamba ndi mwala zimanola chabe, sizipha tizilombo.

Choncho lumo lanu likhale lanu nokha. Mbale wanu akabwera kudzabwereka, muuzeni mwaulemu kuti, "Achimwene, pepani, lumo sabwerekana. Nayi ndalama, mukagule lezala latsopano." Ngati mumameta anthu ena, munthu aliyense mumumete ndi lezala latsopano.

Mafunso

1. Kodi lamba ndi mwala zimasiyana bwanji pa ntchito yake?

2. Ndi mbali iti imene imatsogola pa lamba? Nanga pa mwala?

3. Chifukwa chiyani sitinola lumo pa mwala wa chikwanje?

4. Tchulani matenda awiri amene angafale pobwerekana lumo.

Zochita

Lembani m'kope lanu tsiku, mwezi ndi chaka chimene mwanola lumo pa mwala. Mukadzanolanso, mudzawerengere miyezi imene yapitapo.