Kodi mabuleki a ABS amagwira ntchito bwanji?

Anzanga amene mumabwera kusukulu pa njinga mukudziwa zomwe zimachitika mukafinya buleki mwadzidzidzi pamchenga. Tayala limasiya kuzungulira, njinga n'kuyamba kutsetsereka, ndipo ngakhale mukhotetse handulo, imangopita komwe yafuna. Galimoto nayo imachita chimodzimodzi, makamaka pa phula lonyowa nthawi ya dzinja.

Chifukwa chake ndi friction ija tinaphunzira mu Physics. Tayala limene likuzungulirabe limagwira msewu bwino kuposa limene likungokhwekhwereza. Tayala likaima kotheratu, chiwongolero sichimvanso dalaivala. Mwana atathamangira mumsewu, dalaivala sangamulambalale.

ABS, kutanthauza Anti-lock Braking System, inapangidwa kuti ithetse vutoli. Ndege ndi zomwe zinayamba kugwiritsa ntchito mabuleki otere. Mu 1978 kampani ya Bosch pamodzi ndi Mercedes-Benz anayamba kugulitsa galimoto zokhala ndi ABS yoyendetsedwa ndi kompyuta.

Nazi zomwe zimachitika:

1. Pa matayala pamakhala masensa oyeza liwiro lomwe tayala lililonse likuzungulira.
2. Kakompyuta kamayerekeza liwiro la matayalawo. Tayala limodzi likamachedwa mofulumira kwambiri, kamadziwa kuti latsala pang'ono kuima.
3. Kamalamula mavalavu kuti achepetse mphamvu ya mafuta a mabuleki pa tayalalo, ndiye limayambanso kuzungulira.
4. Pampu imabwezeretsa mphamvuyo, buleki n'kugwiranso.

Kugwira ndi kusiya kumeneku kumachitika kangapo pa sekondi imodzi, liwiro lomwe phazi la munthu silingakwanitse. N'chifukwa chake pedulo ya buleki imanjenjemera ndi kulira "grrr". Ena amachita mantha n'kuchotsa phazi, koma uku n'kulakwitsa. Pondani zolimba osasiya, maso kutsogolo, n'kumawongolera.

Koma tisapusitsidwe. Pa msewu wa miyala kapena mchenga, ngati yakwathu kuno, galimoto ya ABS nthawi zina imatenga mtunda wautaliko isanaime. ABS siichotsa ngozi ya kuthamanga, ndipo singathandize matayala akutha. Kanyali kolembedwa ABS kakakhala koyakabe injini italira, ndiye kuti mabuleki wamba akugwira koma ABS yazima, galimotoyo ikaonedwe kwa makaniko.

Ndiye tikamaweruka, tisamadumphe msewu poganiza kuti galimoto iima pomwepo. Ngakhale ya ABS imafuna mtunda.

Funso la sabata ino: n'chifukwa chiyani matayala akutha amaterereka msanga pa phula lonyowa? Lembani yankho lanu pansipa.